Mafunso a Owerenga: Maroketi Ofufuzira ndi Kuzizira kwa Mpweya Wam'mwamba

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za maroketi ang'onoang'ono amene asayansi amaponya m'mwamba kuti akayeze mpweya, komanso za zimene maroketiwo aonetsa pa zaka zoposa 60 zapitazi. Tasankhapo mafunso asanu ndi awiri, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale. Ophunzira anga anandifunsa chifukwa chimene asayansi amatayirabe ndalama pa maroketi amene amakwera n'kugwa patangopita mphindi zochepa, chonsecho kuli masetilaiti amene amakhala m'mwamba zaka zambiri. Ndiwayankhe bwanji?
Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Zikomo aphunzitsi, ndipo ophunzira anuwo afunsa bwino. Muwauze ayambe aganizira za kutalika. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa makilomita atatu kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12, ndipo mabaluni oyezera nyengo amaphulika akafika pa makilomita 30 kapena 35. Mabaluni akuluakulu a kafukufuku amafika cha pa makilomita 40, ndipo kupitirira pamenepo mpweya umakhala wochepa kwambiri moti sungathe kunyamula baluni. Setilaiti nayo ili ndi malire ake akunsi: ikatsika kufika cha pa makilomita 150, mpweya wochepa womwewo umakhala wokwanira kuichedwetsa mpaka kuigwetsa m'masiku owerengeka. Choncho pakati pa makilomita 50 ndi 150 pali chigawo chimene baluni safikako ndipo setilaiti singakhalitseko. Gawo lakunsi la malo amenewa limatchedwa mesosphere, ndipo lapamwamba ndi chiyambi cha thermosphere. Msewu wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 65, utaimikidwa chilili, nsonga yake ingalowe mkati mwa mesosphere. Si patali kwenikweni, koma ndi roketi yokha imene imapititsako chipangizo.

N'zoona kuti masetilaiti amayeza chigawo chimenechi, koma amayeza ali patali, poona kuwala kumene mpweyawo umatulutsa, kenako asayansi amawerengetsa masamu kuti apeze kutentha kwake. Zili ngati kuyerekeza kutentha kwa madzi poona nthunzi, pamene roketi imaviikamo chala. Dzina lake la Chingerezi, loti sounding rocket, linachokera kwa amalinyero amene ankayeza kuya kwa nyanja ndi chingwe chomangirira chitsulo, monga momwe munthu amayezera chitsime ndi chingwe chomangirira mwala. Roketi yotereyi sizungulira dziko; imakwera, n'kubwerera, ndipo ulendo wonse umatha mkati mwa mphindi 5 mpaka 20.

Ntchitoyi inayamba mu 1946 ku White Sands m'dera la New Mexico ku United States, pogwiritsa ntchito maroketi a nkhondo a V-2 amene analandidwa ku Germany. Chaka chotsatira kunabwera roketi ya Aerobee, imene inapangidwira kafukufuku. Malo oponyera maroketi anachuluka m'zaka za m'ma 1960: Andøya ku Norway mu 1962, Thumba kummwera kwa India mu 1963, ndi Esrange kufupi ndi Kiruna ku Sweden mu 1966. Malo atatu onsewa akugwirabe ntchito.

Funso: Kumtunda kumene mpweya ndi wochepa chotero, kutentha amakuyeza bwanji? Kodi amangomangirira choyezera kutentha chonga cha kuchipatala kunsonga kwa roketi?
Wophunzira za sayansi, Zomba

Yankho: Choyezera wamba sichingathandize, chifukwa tinthu ta mpweya tomwe tingachikhudze n'tochepa, ndipo roketi yothamanga imatenthetsa mpweya woizungulira. Njira zimene zapereka kaundula wautali ndi zitatu.

Yakale kwambiri inali ya mabomba ang'onoang'ono. Roketi ikamakwera inkataya mabombawo limodzilimodzi pakati pa makilomita 30 ndi 90, ndipo pansi ankayala zipangizo zomvera phokoso. Popeza phokoso limathamanga kwambiri mu mpweya wotentha kusiyana ndi wozizira, nthawi imene kuphulika kulikonse kunatenga kuti kumveke pansi inkaulula kutentha kwa chigawo chilichonse, ndipo mbali imene phokosolo linafikira inkaulula mphepo. Njirayi inagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, m'malo monga Fort Churchill ku Canada.

Yachiwiri ndi ya kachipangizo kochepa kuposa njere ya mawere, kapena waya wopyapyala kwambiri, kolendewera kunsi kwa parachuti. Roketi imakatulutsa cha pa makilomita 65 kapena 70, ndipo kamatsika kakutumiza manambala pa wailesi. Vuto lake n'lakuti kumtundako parachuti imagwa mothamanga, mpweya umakhula kachipangizoko, dzuwa nalo limakawomba, motero nambala imene kamatumiza imakhala yokwera kuposa kutentha kwenikweni, ndipo asayansi amayenera kuchotserapo madigiri ena potsatira masamu. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ibweranso pa funso lachinayi.

Yachitatu ndi ya mpira wopepuka wonyezimira, wa mita imodzi m'mimba mwake, umene umapopedwa ukangotuluka mu roketi pamwamba pa makilomita 90. Pansi, makina a radar amaulondola ukamagwa. Pamene mpweya wachuluka mpirawo umachedwa, pamene wachepa umathamanga, ndipo podziwa kuchuluka kwa mpweya pa kilomita iliyonse amapeza kutentha kwake. Ubwino wa njirayi n'kuti mpirawo ulibe chipangizo choti chingasokonezeke.

Za mphepo, ena amamwaza tiwaya ta mkuwa toti radar izitilondola, ena amatulutsa utsi wowala n'kuujambula ali pansi. Mu 2002 Miguel Larsen wa ku yunivesite ya Clemson anasonkhanitsa zoyeza za utsi zoposa 400 kuyambira mu 1958, ndipo zinaonetsa kuti cha pa makilomita 100 mpaka 110 mphepo kawirikawiri imapitirira mamita 100 pa sekondi, omwe ndi makilomita 360 pa ola. Makompyuta oyerekezera mpweya wam'mwamba a nthawiyo sankaonetsa mphepo yamphamvu chotero.

Funso: Pa wailesi amatiuza kuti dziko likutentha, ndipo ife kuno tikuchimva m'thupi. Koma mdzukulu wanga wandiwerengera nkhani yoti mpweya wam'mwamba ukuzizira. Kodi pamenepa wina sakutinamiza?
Mlimi, Chikwawa

Yankho: Agogo, palibe amene akukunamizani, ndipo mdzukulu wanuyo wawerenga zoona. Kutentha kwa pansi ndi kuzizira kwa kumwamba zili ndi gwero limodzi, lomwe ndi kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi kutha kwa nkhalango. Pamene Charles Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni a mpweya; lero wapitirira 420.

Mpweya umenewu uli ndi chizolowezi chotenga kutentha n'kukutulutsanso monga kuwala kosaoneka ndi maso. Pansi pano, pamene mpweya ndi wothithikana, kutentha kumene kamodzi katulutsa kumagwidwa msanga ndi kanzake koyandikana nako, motero kumachedwa kuchoka, ngati mmene bulangete limasungira kutentha kwa thupi. Kumtunda zinthu zimatembenuka. Kumeneko carbon dioxide amalanda mphamvu kwa tinthu tina ta mpweya timene tagundana naye, n'kuitulutsa, koma pamwamba pake palibenso mpweya wokwanira kuigwira, choncho kutenthako kumathawiratu kunja kwa dziko. Akachuluka, kutentha kothawa kumachulukanso, ndipo chigawocho chimazizira.

Chimene chimatikhutiritsa ife n'chakuti izi zinanenedweratu zisanaonedwe. Mu 1967 Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald anawerengetsa kuti carbon dioxide akachuluka, pansi padzatentha koma chigawo cha stratosphere, chomwe chili kunsi kwa mesosphere, chidzazizira. Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Mu 1989 Raymond Roble ndi Robert Dickinson a ku Boulder m'dera la Colorado anakwera nayo nkhaniyi, n'kupeza kuti carbon dioxide ndi mpweya wina wotchedwa methane atawirikiza kawiri, mesosphere ingazizire ndi madigiri pafupifupi 10 ndipo thermosphere ndi madigiri pafupifupi 50. Ananenanso kuti zigawozo zidzatsika, pakuti mpweya ukazizira umaphwa, monga phala limene limatukumuka pamoto n'kutsika likaphulidwa.

Pali chinanso choyenera kuchigwira bwino. Dzuwa likanakhala kuti ndilo likutenthetsa dziko poonjezera mphamvu yake, zigawo zonse zikanatentha pamodzi, zapansi ndi zam'mwamba zomwe. Kutentha pansi uku kumwamba kukuzizira ndi chizindikiro cha carbon dioxide. Komabe sali yekha: kuchepa kwa mpweya wa ozoni, umene umatenthetsa stratosphere pomeza kuwala kwa dzuwa, kunaonjezera kuziziraku makamaka kuyambira m'ma 1970 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1990. Pangano la ku Montreal la mu 1987 litayamba kuletsa mankhwala owononga ozoni, kuzizira kwa zigawo zina kunachepa liwiro, ngakhale sikunasiye.

Funso: Ulendo wa roketi ndi wa mphindi zochepa, pamalo amodzi, tsiku limodzi. Zingatheke bwanji kuti zoyeza zoterozo zionetse kusintha kwa zaka 30 kapena 40? Ine ndikukayika.
Wowerengera ndalama wopuma pa ntchito, Lilongwe

Yankho: Kukayika kwanuko n'koyenera, bambo, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Roketi imodzi sinena kanthu za kusintha kwa nthawi yaitali. Chimene chimanena ndi kubwereza: roketi ya mtundu womwewo, pamalo omwewo, pa ola lomwelo, sabata ndi sabata, kwa zaka zambiri.

Kaundula wotero analipo. Dziko la United States linali ndi malo ambiri oponyera maroketi a zanyengo a Arcas ndi Loki, monga Wallops Island, White Sands, Point Mugu, Kwajalein ndi chilumba cha Ascension. Dziko la Soviet Union linkaponya maroketi a M-100 pafupifupi sabata iliyonse ku chilumba cha Heiss kumpoto kwenikweni, ku malo ena kufupi ndi mzinda wa Volgograd, ku Thumba mogwirizana ndi India, ndiponso ku Molodezhnaya ku Antarctica. Ku Japan, malo a Ryori anaponya maroketi oposa 1,000 kuyambira mu 1970 mpaka mu 2001.

Koma ngakhale ndi kaundula wotero, kupeza kusintha kwa madigiri awiri kapena atatu pa zaka 10 n'kovuta, chifukwa pali zambiri zimene zimasuntha kutentha kuposa pamenepo. Dzuwa limakwera ndi kutsika mphamvu m'nyengo ya zaka pafupifupi 11, motero kaundula wa zaka zosakwana 20 kapena 30 akhoza kukunamizani. Mpweya wam'mwamba uli ndi mafunde ake a tsiku ndi tsiku, kotero kuti malo ena akasintha ola loponyera roketi, manambala amasintha ngakhale nyengo isanasinthe. Mapiri ophulika, monga El Chichón mu 1982 ndi Pinatubo mu 1991, anasokoneza kutentha kwa stratosphere kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Choopsa kuposa zonsezi ndi kusintha kwa zipangizo. Inu amene munagwira ntchito ya mabuku a ndalama mukudziwa kuti sikelo ikasinthidwa pakati pa chaka popanda kulemba, phindu kapena chitayiko chimene chimaoneka kumapeto chimakhala chabodza. Zinachitikadi kuti kachipangizo koyezera kapena masamu ochotsera madigiri aja zikasinthidwa, kaundula ankadumpha, ndipo kudumphako kunkaoneka ngati kuzizira.

N'chifukwa chake manambala oyamba ochokera ku maroketi a M-100, amene anaonetsa kuzizira kwakukulu zedi kumtunda kwa mesosphere, analandiridwa mosamala. Mu 2003 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Gufran Beig wa ku India linaunika zoyeza zonse za maroketi, za kuwala kwa laser kochokera pansi ndi za masetilaiti, ndipo linapeza kuti kunsi ndi pakati pa mesosphere kukuzizira ndi madigiri pafupifupi awiri kapena atatu pa zaka 10 zilizonse, koma kumapeto kwake, cha pa makilomita 85 mpaka 90, kusinthako kunali kochepa kwambiri. Mu 2000 Franz-Josef Lübken wa ku Germany anayerekezera zoyeza za mipira yogwa ya ku Andøya ndi zoyeza za mabomba za m'ma 1960, ndipo anapeza kuti m'chilimwe cha kumpoto kwenikweni kutentha kwa mesosphere kunali kusanasinthe kwenikweni. Ife timaona kuti zotsatira ngati zimenezi zimalimbitsa kafukufukuyu, chifukwa zimaonetsa kuti asayansi analemba zimene anapeza ngakhale pamene sizinagwirizane ndi chiyembekezo chawo.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa malo oponyera sabata ndi sabata aja anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha ndalama, pa nthawi yeniyeni imene kaundula wawo anali atatalika mokwanira kuti ayambe kuyankha funso lanuli. Chaka chimene sichinayezedwe sichingayezedwenso. Masiku ano ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi chipangizo cha SABER cha pa setilaiti ya TIMED, imene inaponyedwa mu Disembala 2001, ndipo nacho chaonetsa kuzizira ndi kutsika kwa zigawozi. Komabe zipangizo za pa setilaiti zimakalamba zili m'mwamba, kumene palibe angazikonze. Ndiye chifukwa chake asayansi a ku yunivesite ya Colorado amaponya nthawi ndi nthawi roketi ku White Sands yonyamula chipangizo chofanana ndi cha pa setilaiti ya Solar Dynamics Observatory ya mu 2010, kuti aone ngati cham'mwambacho chikuyezabe kuwala kwa dzuwa molondola.

Funso: Mu Juni, cha pakati pa usiku ndikuweruka ku ntchito, ndinaona mitambo yowala mobiriwira ngati siliva chakumpoto. Kwathu sindinaionepo. Kodi ikukhudzana ndi nkhaniyi?
Namwino, Glasgow

Yankho: Ikukhudzana kwambiri, mayi. Imeneyo ndi mitambo yokwera kuposa ina yonse, ya tizidutswa ta madzi oundana, ndipo imakhala cha pa makilomita 83, pamene dzuwa limaiwombabe ngakhale pansi kutada. Imaoneka m'chilimwe m'mayiko akutali ndi equator, n'chifukwa chake ku Malawi simunaione. Chodabwitsa n'chakuti malo ozizira kuposa onse m'mlengalenga mwa dziko lathu ali pamwamba pa madera akumpoto ndi akummwera kwenikweni m'chilimwe, osati m'nyengo yozizira, ndipo maroketi anayeza kumeneko madigiri pafupifupi 140 kunsi kwa ziro. Mu 1962 maroketi oponyedwa ku Kronogård ku Sweden anayesa kutola tizidutswa ta mitamboyi.

Mitamboyi inalembedwa koyamba mu 1885, patapita zaka ziwiri phiri la Krakatoa litaphulika. Asayansi amaiyang'anitsitsa chifukwa imafuna zinthu ziwiri, kuzizira koopsa ndi nthunzi ya madzi, ndipo mpweya wa methane, umene ukuchuluka, umasanduka madzi ukafika m'mwamba. Zoyeza za masetilaiti kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zaonetsa kuti kuwala kwake kwaonjezeka pang'ono, ndipo kafukufuku wina amaloza kwambiri ku kuchuluka kwa nthunzi kusiyana ndi kuzizira.

Funso: Kodi mu Africa munaponyedwapo maroketi otere?
Wowerenga, Chipata

Yankho: Inde. Dziko la France linkaponya maroketi a Véronique ku Hammaguir m'chipululu cha Algeria mpaka mu 1967. Dziko la Italy, motsogozedwa ndi Luigi Broglio, linamanga nsanja ya San Marco panyanja kufupi ndi Malindi ku Kenya, kumene maroketi oyamba anaponyedwa mu 1964, ena pa kadamsana wa dzuwa wa mu Febuluwale 1980, ndipo setilaiti ya Uhuru inanyamukira pomwepo pa 12 Disembala 1970. Koma kaundula wa sabata ndi sabata wa zaka zambiri anachokera makamaka kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo malo oyandikira equator anali owerengeka. N'chifukwa chake Thumba ndi wofunika: mu Novembala 2022 India inaponya kumeneko roketi ya RH-200 ya nambala 200 motsatizana popanda kulephera.

Funso: Tinene kuti kumwambako kukuzizira ndithu. Ife amene tili pansi pano zikutikhudza chiyani?
Wokonza mafoni, Mzuzu

Yankho: Kuzizira kwa pa makilomita 70 sikusintha mvula ya chaka chino m'munda mwanu, achimwene, ndipo sitikufuna kukokomeza. Kumakhudza kwambiri zinthu zimene timadalira zodutsa kumeneko. Mafunde a wailesi amanjanja pa chigawo cha magetsi chotchedwa ionosphere n'kubwerera pansi, ndipo ndicho chifukwa chake mawailesi akutali amamveka bwino usiku. Ku Kühlungsborn ku Germany akhala akuyeza kuyambira mu 1959 kutalika kwa pamene mafunde ena a wailesi amabwererapo, cha pa makilomita 80, ndipo apeza kuti pakutsika pang'onopang'ono, mogwirizana ndi zimene maroketi anaonetsa.

Nkhani yaikulu ndi ya masetilaiti. Kuchuluka kwa mpweya pamene setilaiti ikudutsa ndi kumene kumalamula kuti ikhala nthawi yaitali bwanji. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink, ndipo mkuntho wochokera ku dzuwa utatenthetsa thermosphere n'kuitukumula, 38 mwa iwo anagwa asanafike pamalo awo. Intaneti ya Starlink inafika ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, choncho zimenezi si zakutali ndi ntchito yanu. Kumeneko kunali kutukumuka kwa masiku ochepa. Kusintha kwa nthawi yaitali kukulowera kwina. Poyang'ana mmene masetilaiti akale akhala akutsikira kuyambira m'ma 1960, asayansi apeza kuti pa makilomita 400 mpweya ukuchepa ndi magawo pafupifupi awiri pa 100 alionse m'zaka 10 zilizonse. Setilaiti yamoyo imapindulako chifukwa imachedwa kugwa, koma masetilaiti akufa ndi zidutswa za maroketi akale nazonso zimachedwa kugwa, pamene mpweyawo ndiwo wokha umene umasesa zinyalala zimenezi popanda mtengo. Zikamakhalitsa, mwayi woti zigundane ndi masetilaiti a mauthenga ndi a zanyengo umakula.

Kuti adziwe kuti mpweya wa pa makilomita 400 udzachepa motani m'zaka zikubwerazi, asayansi amayenera kudziwa kutentha kwa zigawo zonse za kunsi kwake, pakuti zapansizo zikaphwa, zapamwamba zimatsika nazo. Mbali yaikulu ya kuphwako imachitikira pakati pa makilomita 50 ndi 150, ndipo n'chifukwa chake ku Andøya, Esrange, Wallops Island ndi Thumba akuponyabe maroketi chaka ndi chaka.